MLIMI NDI MAKINA AKE: Galimoto Ikamajejema Ponyamuka



Chaka ndi chaka mvula ikatha, fodya atauma m'zigafa ndi m'mabalani, misewu yathu imadzaza ndi magalimoto onyamula mabelo. Ena achokera ku Chamama, ena ku Santhe, ena ku Chulu ndi ku Nkhamenya, ndipo onse alunjika ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ya ku Kanengo ku Lilongwe. Kale mlimi wamng'ono sankalota za galimoto. Koma chiyambire 1990, pamene Boma linayamba kulola alimi a m'midzi kulima fodya wa burley amene kale ankalimidwa m'maesiteti okhaokha, mabanja ena ndi makalabu ena asonkha ndalama nagula pikapu kapena kalole kawokawo. Ambiri mwa magalimoto amenewa, monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody a zaka zaposachedwa, ndi a dizilo, a magiya osintha ndi dzanja, ndipo pa injini pawo pali chipangizo chotchedwa turbo.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri pa nyengo imeneyi ndi ili: galimoto ilira bwino m'mawa, ndipo ikathamanga pa tala iyenda bwino ndithu, koma ponyamuka, kapena poyenda pang'onopang'ono m'njira ya kumunda, munthu uponda moto koma iyo ijejema, ichita ngati yatsamwa, ndipo papita kanthawi isanadzidzimuke nikoka.

Musayese nkhani yaing'ono. Galimoto yodzaza mabelo ikajejema pamene mukulowa mu msewu waukulu wa M1, lole yothamanga ikubwera, moyo wanu ndi wa amene mwawanyamula uli pangozi. Ndiponso pali ngozi ya m'thumba. Munthu akangomva mawu akuti "turbo yafa" amatulutsa ndalama za mabelo angapo kukagula ina, ndipo pobwerera kumudzi apeza kuti galimoto ikujejemabe, pakuti nthenda yeniyeni inali sefa yotsekeka kapena paipi yong'ambika. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka. Chifukwa chake lero tikupatsani lamulo limodzi: pofufuza nthenda imeneyi yambani ndi chosalira ndalama, mupite pa chotchipa, ndipo turbo ikhale yomalizira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

TURBO NCHIYANI?

Injini ndi ng'anjo. Mlimi aliyense wochiza fodya m'balani adziwa kuti moto ufuna zinthu ziwiri, nkhuni ndi mpweya, ndipo kuti ukaunjika nkhuni zambiri khomo la mpweya lili lotseka, upeza utsi wakuda osati kutentha. M'injini nkhuni zake ndi dizilo. Turbo ndiyo mvukuto, wonga uja wa amisiri osula makasu, wopemerera mpweya wambiri m'injini kuti dizilo wambiri apse bwino. Anaitulukira ndi mmisiri wa ku Switzerland dzina lake Alfred Büchi m'chaka cha 1905.

Mvukuto umenewu suvukutidwa ndi dzanja ayi. M'kati mwake muli timagudumu tiwiri ta mapiko, tolumikizidwa pa kachitsulo kamodzi. Kena kamazunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini, ndipo pozungulirapo kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wabwino m'injini. Pa ntchito yaikulu timagudumu timeneti timazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi.

Tsono mvetsani apa, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono utsi wake ndi wochepa, ndipo mvukuto ulibe chouzunguza. Yang'anani wotchi ya injini kutsogolo kwa chiwongolero, ija ya manambala 1, 2, 3, 4, imene imawerenga kuzungulira kwa injini m'zikwi. M'mapikapu ambiri a dizilo turbo imayamba kugwira zolimba kamuvi kakafika pakati pa 1,500 ndi 2,000. Pansi pa pamenepo injini ikukoka yokha popanda mthandizi. Kumbukiraninso kuti Kasungu ali pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi wa ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Turbo ikagwira imabweza chopereweracho, koma isanagwire injini imamva njala ya mpweya.

Motero kachedwa kakang'ono, konga nthawi yopuma kamodzi, ndi chibadwa cha injini zotere, si nthenda. Nthenda ndi pamene kuchedwako kwayamba chatsopano, kapena kukukula sabata ndi sabata, kapena kukudza pamodzi ndi kugwedezeka, utsi wachilendo, kapena kanyali ka injini koyaka kutsogolo kwa woyendetsa.

POYAMBA FUFUZANI WOYENDETSA NDI KATUNDU

Oyendetsa ambiri amakonda kukoka ndi giya yachitatu pa liwiro la ngolo, poganiza kuti akupulumutsa mafuta. Pamenepo kamuvi kali pa 1,000, turbo ili mtulo, ndipo akaponda moto galimoto injenjemera osakoka. Uku sikupulumutsa mafuta, koma kuzunza injini ndi kilachi.

Yesani motere. Tsitsani katundu yense, injini itenthe bwino, ndipo musankhe malo amodzi a chitunda chochepa pamene palibe magalimoto ena. Kwerani ndi giya yachitatu pang'onopang'ono, muponde moto, mumve mmene ichitire. Bwererani, mukwerenso ndi giya yachiwiri kamuvi kali pafupi ndi 2,000. Ngati ndi yachiwiri ikoka mosajejema, galimoto yanu ilibe mlandu. Wofunika kuphunzira ndi woyendetsa.

Werengeraninso katundu. Belo limodzi la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100, ndipo pikapu wamba inapangidwa kuti inyamule pafupifupi tani imodzi, kuwerengera ndi anthu omwe. Ndiko kuti mabelo 10 okha akwanitsa kale tani yonseyo, anthu asanakwere. Mukakweza 18, ndi anyamata anayi pamwamba pake, musadabwe ikamalephera kunyamuka pa mchenga. Ng'ombe nazonso zimakana ngolo yolemetsa.

Onani mpweya wa m'matayala, pakuti tayala lofewa limakoka galimoto m'mbuyo. Onaninso ngati mabuleki sakugwira okha. Pa malo athyathyathya, giya ili pa fili ndipo buleki ya pamanja yamasulidwa, wina atakhala pa chiwongolero, amuna awiri ayenera kuikankha pikapu yopanda katundu mosavuta. Ikakanika, kapena gudumu limodzi likamatentha kuposa anzake pambuyo pa ulendo waufupi, nthenda ili ku mabuleki, osati ku injini.

KODI NDI INJINI KAPENA KILACHI?

Galimoto ya magiya a dzanja ili ndi nthenda ina yofanana ndi imeneyi, ndipo ambiri amazisokoneza. Tcherani khutu, ndipo diso likhale pa kamuvi. Ngati muponda moto ndipo injini ikana kukwera mawu, kamuvi kaima kapena katsika, vuto lili m'injini. Koma ngati injini ibangula, kamuvi kakwera msanga, pamene galimoto siwonjeza liwiro, ndiye kuti kilachi yatha ndipo ikuterera. Nthawi zambiri mudzamva ndi fungo la chinthu chopserera. Kilachi yotere imaonekera bwino pa chitunda, galimoto ili ndi katundu, giya ili yachinayi.

Ngati galimoto igwedezeka pa kamphindi kokha kamene mukukweza phazi pa kilachi, ndipo mukangomaliza kukweza iyenda bwinobwino, kayikirani oilo wodonthera pa kilachi kapena mphira zogwira injini zimene zaduka. Zonsezi sizikhudzana ndi turbo.

UTSI NDI MBONI

Mukatsimikiza kuti vuto lili m'injini, funsani mboni imene silandira chiphuphu, ndiyo utsi. Mnzanu aime pambali pa msewu, aone chotuluka ku ekizozi pa nthawi imene galimoto ikujejema. Chitani zimenezi pabwalo. Musalize injini m'chigafa kapena m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wake umapha munthu mwakachetechete, ndipo fodya amatenga fungo lake.

Utsi wakuda ukunena kuti dizilo alipo koma mpweya wachepa. Fufuzani njira ya mpweya.

Ngati palibe utsi wachilendo, koma galimoto ili yofooka ndipo ichita ngati ifuna kuzima, kawirikawiri ndiye kuti mafuta sakufika okwanira. Fufuzani njira ya mafuta.

Utsi woyera wonunkha dizilo, wolasa m'maso, ndi dizilo amene sanapse. Utsi woyera wopanda fungo limenelo, pamene madzi a m'rediyeta akutsika tsiku ndi tsiku, ndi nkhani yaikulu yofuna makaniko msanga. Koma kanthunzi koyera ka m'mawa wa June ndi July, kamene kamatha injini ikatentha, kasakuopseni.

Utsi wobiriwira ngati thambo ndi oilo amene akupsa. Umenewu tiukamba pofika pa turbo.

NJIRA YA MPWEYA

Kuyambira May mpaka mvula itagwa, misewu yathu ya dothi ndi fumbi lokhalokha, ndipo galimoto yoyenda pambuyo pa inzake imameza fumbi lonselo. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya, imene amakaniko amati fyuluta. Itulutseni, muigogode pang'ono pa dzanja, ndipo muiyang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala sikupyola, yatha ntchito, gulani ina. Sefa ya pepala musaitsuke ndi madzi, musaiboole, ndipo musayende popanda sefa ngakhale ulendo wa ku chigayo, pakuti mchenga ukafika pa mapiko ozungulira mwa liwiro lotere umawadya monga mwala wonolera udya mpeni. Yang'ananinso m'bokosimo ndi m'paipi yake. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe miyezi ya dzinja imasanduka nyumba ya makoswe, ndipo chisa chimodzi cha makoko a chimanga chikwanira kutsamwitsa injini.

Mukatero tsatani mapaipi akuluakulu a mphira ochokera pa turbo kupita ku injini. M'magalimoto ambiri mpweya umayamba wadutsa m'karediyeta kouziziritsa, kamene kamakhala kutsogolo kapena pamwamba pa injini. Injini itazima ndi kuzizira, papasani paipi iliyonse ndi dzanja, makamaka kunsi kwake ndi mopindika, mufinye kuti mng'alu uonekere. Mng'alu wambiri umabisala: injini ikamalira chabe umatseka, koma turbo ikayamba kupemerera umatseguka. Zizindikiro zake ndi ziwiri. Choyamba, pamalo pong'ambika pamakhala banga la oilo logwira fumbi. Chachiwiri, poponda moto pamamveka mluzu kapena kufwenthera ngati tayala likuphwa. Onaninso zomangira za chitsulo za kumapeto kwa mapaipi, chifukwa mabampu a m'misewu yathu amazimasula. Karediyeta kakutsogolo kaja nakonso kamaboka ndi miyala ndi zitsa za m'munda.

Mvukuto ungakhale wabwino chotani, ngati thumba lake laboka, moto wa wosula sukolera. Alimi ambiri amene anauzidwa kuti turbo yafa anali ndi paipi yoboka chabe.

NJIRA YA MAFUTA

Pano ndi pamene ambiri timapwetekera. M'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022 mpaka 2024, mafuta a galimoto anasowa kwambiri m'dziko muno, ndipo anthu anazolowera kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Bungwe la MERA, limene limayang'anira za mafuta, sililola munthu kugulitsa mafuta popanda chiphaso, ndipo chifukwa chake nchomveka. M'chigubu mumalowa madzi, dzimbiri, mchenga, ndipo ena osakhulupirika amathiramo palafini. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dizilo sangoyaka chabe, amadzozanso pampu ndi manozo monga oilo, ndipo palafini alibe mphamvu yodzoza yotero. Galimoto idzayenda ndithu, koma zitsulo zodula kwambiri zikudyana m'kati.

Yesani mafuta musanathire. Tengani botolo loyera la galasi, muthiremo pang'ono, muliike pansi kanthawi. Madzi amalemera kuposa dizilo, motero adzatsika pansi ndipo mudzawaona ndi maso. Dizilo wabwino ndi wopanda chifunga.

Madzi amalowanso okha. Thanki yokhala theka imachita thukuta m'kati usiku wozizira, ndipo galimoto yoima miyezi itatu ya dzinja imasonkhanitsa madzi pansi pa thanki. Nchifukwa chake magalimoto a dizilo ali ndi sefa ya mafuta yokhala ndi kampopi kunsi kwake. Injini itazima, ikani chitini pansi, mumasule kampopiko pang'ono, madzi atuluke mpaka padze dizilo yekha, ndipo mutsekenso. Pa magalimoto ambiri pamwamba pa sefayo pali kapampu kopopa ndi dzanja. Popani mpaka kalimbe. Ngati sikalimba, kapena m'mawa uliwonse mukapeza kali kofewa ndipo galimoto ivuta kulira, ndiye kuti mpweya ukulowa m'njira ya mafuta kudzera pa kapaipi kong'aluka kapena mphira yotha. Mpweya wotere ndiwo umachititsa galimoto kutsamwa pamene mwaponda moto mwadzidzidzi.

Ngati simukumbukira tsiku limene sefa ya mafuta inasinthidwa, isintheni. Mtengo wake sufika ngakhale pa kachigawo kakang'ono ka mtengo wa turbo. Onaninso chitsekero cha thanki. Ngati potsegula mumva mpweya ukuthamangira m'kati mwamphamvu, mwina kabowo kopumira katsekeka ndi fumbi, ndipo pampu ikulimbana ndi thanki monga munthu woyamwa botolo lotseka.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Injini za dizilo zamakono, zonga ya Hilux yolembedwa D-4D, zimapopa mafuta pa mphamvu yopitirira mabala 1,000, pamene tayala la pikapu limakhala ndi mabala 2 kapena 3 okha. Chizolowezi chakale chomasula mapaipi a chitsulo a pa manozo injini ikulira nchoopsa pa injini zimenezi. Dizilo wotuluka pamenepo amaboola khungu ngati jakisoni, ndipo munthu angataye dzanja. Mapaipi amenewo asiyireni makaniko wodziwa.

Ndipo chigubu cha dizilo chisakwere pamodzi ndi mabelo. Fodya wonunkha mafuta ogula amamukana.

MWAYE NDI TIZIPANGIZO TA MAGETSI

Mpweya ndi mafuta zikakhala bwino koma galimoto ijejemabe, tafika pa zinthu zofuna maso a makaniko, koma zimene kawirikawiri zimangofuna kutsuka.

Injini zamakono zili ndi kakompyuta kamene kamayeza mafuta molingana ndi mpweya wolowa. Kamauzidwa za mpweyawo ndi tizipangizo totchedwa masensa. Kena kamakhala pa paipi pafupi ndi bokosi la sefa, ndipo m'kati mwake muli kawaya kopyapyala kwambiri. Fumbi likakuta kawayako, kamanena bodza, ndipo kakompyuta kamapereka mafuta olakwika, makamaka ponyamuka. Musakagwire ndi chala kapena kukapukuta ndi nsanza. Kali ndi mankhwala ake opopera. Kena kamakhala pa injini penipeni, koyeza mphamvu ya mpweya wa turbo, ndipo kamatsekeka ndi mwaye.

Palinso kakhomo kotchedwa EGR, kamene ntchito yake nkubwezera utsi pang'ono m'injini pamene ikuyenda mopepuka, kuti utsi wotuluka panja usaipitse mpweya kwambiri. Poponda moto kakhomoka kayenera kutseka. Koma mwaye ukaunjikana, monga uchitira m'mapaipi a balani, kamakanirira kotseguka, ndipo injini imapuma utsi wake womwe pa nthawi imene ikufuna mpweya wabwino. Zotsatira zake ndi kujejema pa liwiro lochepa ndi utsi wakuda, koma pa liwiro lalikulu galimoto iyenda ngati yabwino. Nthenda imeneyi imakonda magalimoto oyenda maulendo aafupi okhaokha ndi oima nthawi yaitali injini ikulira, monga achitira ena pa mzere wa ku okushoni.

Onaninso timapaipi ting'onoting'ono ta mphira, tonga chala cha mwana, topita pa turbo ndi pa EGR. Timauma ndi kutentha, ndipo makoswe amatitafuna. Kamodzi kakaboka, turbo yabwinobwino imaoneka ngati yakufa.

KWA INU A MAGALIMOTO A PETULO

Aphunzitsi, ogulitsa m'magolosale ndi alimi ena ali ndi timagalimoto ta petulo ta turbo. Zonse za mpweya ndi mapaipi zikukhudzani inunso. Koma wonjezani ichi: petulo amayatsidwa ndi mapulagi, ndipo turbo ikayamba kukankha mpweya, moto wa pulagi umavutika kudumpha. Pulagi yokalamba kapena koilo yofooka imagwira bwino injini ikamalira chabe, koma imaphonya mukaponda moto, ndipo galimoto imadumphadumpha ngati bulu wokana njira. Kanyali ka injini kakamaphethira, chepetsani liwiro, musaikakamize. Dziwaninso kuti chiyambire 1982, pamene fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa, petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, motero petulo wosungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amaipa msanga.

POMALIZA, TURBO

Zonsezi zikayesedwa, ndi pamene tifunse turbo. Turbo yodwala siibisa. Imalira ngati sailini ya ambulansi, imadya oilo, imatulutsa utsi wobiriwira uja, ndipo galimoto imafooka pa liwiro lililonse, osati ponyamuka pokha. Makaniko achotse paipi yolowetsa mpweya, injini itazima ndi kuzizira, inu muli pomwepo. Muone mapiko ngati ali obenthuka. Agwedeze kachitsulo ka pakati. Kusewera pang'ono kwa cham'mbali nkololedwa, koma mapiko asakhudze khoma, ndipo kachitsuloko kasamalowe ndi kutuluka. Kaoilo kochepa konyowetsa m'paipi si umboni wa imfa, kamapezeka ndi m'magalimoto abwino omwe. Turbo zina zili ndi timapiko tina tosuntha m'kati, ndipo timeneti tikagwidwa ndi mwaye tingathe kutsukidwa popanda kugula turbo yatsopano.

Ngati yafadi, musalole kuti amange ina asanapeze chimene chinapha yoyambayo. Kawirikawiri turbo siifa yokha. Imaphedwa ndi oilo wakuda, ndi kapaipi ka oilo kotsekeka, kapena ndi fumbi. Chimene chinapha yoyamba chidzaphanso yachiwiri.

Woyendetsa aliyense adziwe ichinso. Turbo yotha kwambiri ingathe kutayira oilo wambiri m'injini ya dizilo, ndipo injini imayamba kuthamanga yokha ndi oiloyo, ikubangula ndi kufuka utsi, osazima ngakhale mutachotsa kiyi. Pamenepo magiya a dzanja ndiwo chipulumutso chanu. Pondani kilachi, lowetsani giya yapamwamba kwambiri, pondani buleki zolimba, ndipo mukweze phazi pa kilachi kuti injini itsamwe nizime. Musailizenso mpaka makaniko aione.

POPITA KWA MAKANIKO

Safunsa anadya phula. Pitani kwa makaniko mutakonzeka ngati munthu wopita kuchipatala. Mumuuze tsiku limene vuto linayamba, kumene munathira mafuta omaliza, giya imene imajejemera, nambala imene kamuvi kamakhalapo, mtundu wa utsi, ndiponso ngati zimachitika injini ili yozizira kapena yotentha. Kwerani naye, amve yekha.

Amakaniko ena masiku ano ali ndi kamakina kolumikiza pa galimoto kamene kamawerenga madandaulo a kakompyuta kaja. Nkothandiza ndithu, koma mumvetse chimene kamanena. Mwachitsanzo nambala ya P0299 imangotanthauza kuti mpweya wa turbo ukufika wochepa. Sinena kuti turbo yafa. Paipi yoboka imaonetsa nambala yomweyo. Momwemonso P0087 imati mphamvu ya mafuta yachepa, ndipo sefa yotsekeka ingathe kukhala chifukwa chake. Kamakinako kamaloza mudzi, koma nyumba yake muyenera kuifufuza.

Amayi amene musunga ndalama za pa banja, ndi inu asungichuma a makalabu, musanatulutse ndalama ya chitsulo chachikulu funsani mafunso awa:

1. Kodi mwayesa popanda katundu, ndi giya yotsika?
2. Kodi kilachi ndi mabuleki zaonedwa?
3. Kodi sefa ya mpweya ndi mapaipi onse zaonedwa?
4. Kodi madzi achotsedwa, ndipo sefa ya mafuta yasinthidwa?
5. Kodi masensa ndi EGR zatsukidwa?
6. Kodi ndani waona ndi maso ake kuti turbo yawonongeka?

Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kuyesa galimoto asanasinthe china, kuti mudziwe chimene chachiza. Chitsulo chilichonse chochotsedwa abweze kwa inu. Makaniko wokhulupirika sakwiya ndi mafunso otere.

KUPEWA KUPOSA KUCHIZA

Sinthani oilo ndi sefa yake pa nthawi yolembedwa m'buku la galimoto yanu, ndipo pa misewu ya fumbi fulumiraniko. M'mawa musaibangulitse injini ikangolira, ipatseni kanthawi kuti oilo afike pa turbo. Mukafika pa ulendo wolemetsa musazime pomwepo, ilire chabe mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire, pakuti mukazima ili yofiira oilo amapsera m'kati mwake. Koma musaisiye ikulira maola pa mzere. Thirani mafuta pa malo ovomerezeka, ndipo thanki isamagone yopanda kanthu. Sungani kabuku m'galimoto, mulembemo tsiku ndi makilomita a ntchito iliyonse, monga mulembera za feteleza ndi za mabelo.

Koposa zonse, ntchito imeneyi ichitike mu March, fodya akali m'chigafa, osati usiku wa tsiku limene mabelo anu ayenera kufika ku Chinkhoma. Munavutika pa nazale, munapalira, munathyola, munasoka ndi kusankha tsamba ndi tsamba. Akuluakulu anati fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Fodya wanu sanakhale ndalama mpaka atafika pa okushoni, ndipo ndalamayo sinakhale yanu ngati ithera pa zitsulo zimene galimoto sinazifune.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kamangidwe ka mabelo pa galimoto ndi kasamalidwe ka matayala. Werengani tsamba lino mokweza kwa anzanu a m'kalabu, ndipo mnyamata amene amakuyendetserani galimoto akhale pomwepo.